Tsiku Limene Tinaponda Mabotolo

Ndinafika ndi lole m'mawa, fumbi la ulendo wina lidakali m'makutu. Alamu anga, akazi a achimwene, anali atandiimbira foni sabata yonse. Ndi atelala. Amasokera pakhonde, kuseri kwa msika, tsidya la ngalande yaikulu.

Ngalandeyo ndiyo inayambitsa zonse. M'chilimwe ndi dzenje la zinyalala. M'dzinja ndi mtsinje. Anthu ankawolokera pa thabwa limodzi, lofumbwa, lopindika pakati. Mvula ikagwa, ana sukulu ayi, makasitomala a alamu ayi.

Ndiye alamu anayenda khomo ndi khomo. Musataye mabotolo, zitini, makatoni. Tipatseni tikagulitse, ndalama yake timangire mlatho. Ena anaseka. Akuti atelala asanduka otola m'dzala. Koma katundu anabwera. Zitini ndi makatoni anagulitsa pamsika pomwepo, ndalamayo inaimika zipilala ziwiri za simenti. Zinatsala zitsulo zoyala pamwamba.

Zitsulozo zinali kwa awelda, bambo owotcherera mageti pakona. Anazisunga miyezi. Tsopano anatopa. Anati Loweruka likakwana popanda ndalama, azigulitsa kwa mwini galaja. Tsiku limenelo linali Lachisanu. Fakitale yogula mabotolo ili kutali, ulendo umodzi basi. Mawa lake lole inali ndi katundu wa eni ake.

Alamu anatsekula shedi yomwe ankasungamo mabotolo. Ndinangoti kakasi.

Mabotolo apulasitiki mpaka kudenga. Oyera mbee. Lililonse lotsukidwa, loyanikidwa, lotsekedwa chitsekerero mwamphamvu. Kunyumba zathu botolo lopanda chitsekerero ndi lotha ntchito, sungaikemo madzi kapena mafuta. Choncho amayi a gulu limene alamu anayambitsa anasaka zitsekerero m'misewu monse, kuti katundu wawo asachite manyazi ku fakitale.

"Mwaona, alamu? Ife sitigulitsa uve," anatero.

Tinayamba kukweza matumba. Posakhalitsa lole inadzaza mpaka pamwamba pa zitsulo zake za m'mbali. Ndinasuzumira m'shedi. Muluwo unali ngati sitinaukhudze.

Ndinagogoda tayala ndi nsapato.

"Alamu, ku fakitale amagula ndi sikelo. Loleyi yadzaza, koma matayala sanamve n'komwe. Mwandikwezera mpweya."

"Bwerezani kawiri."

"Kawiri bwanji? Pofika uko dzuwa lapendeka. Akatseka geti atseka."

"Ndiye zimenezi zokha zingagule zitsulo?"

"Zingagule misomali."

Amayi anayang'anana. Awelda anali atafika, magalasi awo akuda ali pamphumi, manja m'thumba.

"Mayi, ine ndinanena. Mlatho si diresi. Musadandaule, zipilalazo muziyanikapo zovala."

Ndinayang'ana alamu. Ndikuwadziwa. Akakwiya milomo imauma. Botolo lina linali litagwa pamapazi awo. Analiponda ndi mkwiyo wonse. Silinaphwanyike. Linathawa pansi pa phazi, n'kukamenya awelda pa msongolo.

"Mayo! Mwayamba kundiombera?"

Anthu anaseka. Alamu ayi. Anatola lina, n'kuliyang'ana. Analitsekula. Analiika pansi, n'kuliponda. Phwa! Linasanduka chikhatho.

Anatola lachitatu. Kutsekula, kuponda. Phwa!

"Tsitsani zonse," anatero.

"Zonse?" Ameneyo anali mayi wogulitsa makala, wachiwiri wawo m'gulu. "Asisi, zala zathu zinatupa n'kutseka mabotolo amenewa!"

"Zitupenso n'kutsekula. Wotseka woyamba ndinali ine. Mudzandinena mawa, tili pa mlatho."

Tinakhuthulira matumba pamsewu. Amayi anakhala pansi mzere, miyendo tambalale, kumasula zitsekerero n'kumaponyera mabotolo pakati. Ife kuponda. Koma mapazi anachepa. Dzuwa linkakwera. Mulu osatsika.

Alamu anathamangira kwa wometa. Sindikudziwa anamuuza chiyani. Wometayo anatuluka ndi sipika yake yaikulu, kasitomala akumutsatira mutu wometedwa mbali imodzi. Nyimbo inalira.

Msika unamva. Anabwera onyamula katundu. Anabwera anyamata a njinga zamoto. Ogulitsa kaunjika anasiya mabelo. Mlonda wa pachigayo anabwera ndi majombo ake, phazi limodzi mabotolo atatu. Gogo wina anati mawondo salola, anangoika mpando pa thumba n'kukhalapo.

"Pondani ngati ndi landilodi wanu!" anakuwa wamakala uja.

Msewu wonse phwa, phwa, phwa. Fumbi koboo. Amene sankalankhulana chaka chonse anagwirana mapewa kuti asaterereke.

Ndinaona awelda akubwerera chammbuyo pang'onopang'ono. Alamu anawaonanso.

"Bambo, nsapato zanuzo ndi zachitsulo kutsogolo. Mukuzisungira ukwati?"

"Ine ndimangodutsa."

"Dutsani apa."

Anadutsa pamuluwo. Anabwereranso. Ulendo wachitatu anali atatsitsira magalasi m'maso, akudumpha ndi miyendo yonse iwiri.

Tinakwezanso. Thumba limodzi tsopano linkafuna anthu awiri. Shedi inatsala pululu. Lole inakhala pansi, masipiling'i kulira. Ndinamanga zingwe. Alamu anakwera kutsogolo, thukuta lili noninoni, mpango uli m'manja.

"Thamangani, alamu."

"Ndathamanga moyo wanga wonse. Lero ndiye ndileke?"

Tinapeza mlonda wa fakitale atakoka kale chitseko chimodzi cha geti. Ndinaliza hutala. Alamu anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, chinacho chisiyeni!"

Anachisiya. Lole inakwera pa sikelo. Kalaliki analemba, n'kutembenuza pepala kuti alamu aone. Anayang'ana. Anapukuta kumaso n'kuyang'ananso. Kenako anatulutsa foni.

"Awelda? Ndine. Auzeni agalaja akasake kwina. Mawa m'mawa yatsani makina anu."

Ine ndinanyamuka m'mawa mwake. Misewu ina, matauni ena. Ndinabwerako mvula itayamba.

Ndinaimika lole kumsika n'kuyenda wapansi. Ngalande inali itadzaza, madzi ofiira akukokoma. Pamwamba pake mlatho wachitsulo, wopaka penti wobiriwira, wokhala ndi zogwirira. Wilibala inkadutsa. Ana a yunifolomu ankalavulira m'madzi. Ndinaponda mwamphamvu pakati. Nji.

Alamu anali pakhonde, makina akulira, makasitomala atatu pabenchi.

"Mwawoloka bwanji, alamu?" anandifunsa, osadzutsa mutu.

"Ngati bwana."

"Nsapato zanyowa?"

"Ayi."

"Ndiye khalani pansi. Shedi yadzazanso. Ulendo uno tikufuna mbande za mitengo ndi magetsi a pamlathopo."

"Ine ndili paulendo, alamu."

Anadula ulusi ndi mano.

"Ulendo wanuwo udzere kuno."