Mawu Amene Walter Anadula

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosanyowetsa msanga koma kosaleka, pamene a Jailos ankatulutsa mipando yomaliza ya kutchalitchi m'nyumba ya malemu Walter Kapalamula ku Peckham. Maliro anali ataikidwa Loweruka. Anthu anali atabalalika, ndipo m'nyumbamo munangotsala fungo la majekete onyowa ndi makapu osadziwika eni ake.

Esnat, mkazi wa malemuyo, ankatsuka makapuwo. Anali atavaliratu yunifolomu mkati mwa juzi yakuda, chifukwa masana omwewo ankayambiranso ntchito kunyumba yosamaliramo okalamba.

"Mlamu, mpando uwu ndi wanu kapena wa Yesu?" anafunsa a Jailos, mnzake wa Walter amene anathawa naye limodzi kuchoka ku Malawi ali anyamata.

"Wogwedera mwendowo ndi wathu. A Yesu ndi olimbawo."

Mwayiwathu, mwana wawo yekhayo, anatsika masitepe makiyi a galimoto ali m'manja. Anabadwira ku London komweko. Chichewa ankamva chonse, koma polankhula chinkamutuluka mokakamira ngati chitseko chofufuma ndi mvula.

"Mami, a Marjorie akutidikira ku Situdiyo. Munalonjeza."

"Ndinalonjeza anthu ali thothotho pakhomo. Wofedwa amangovomera chilichonse."

"Sitikachedwa. Akufuna mukamve nyimbo ya Dadi."

"Nyimbo! Zija zomveka ngati wayilesi yagwera m'bafa?"

"Ine malemu anandiikirako kamodzi," anatero a Jailos ali pakhomo. "Ndinathamanga kukayang'ana ngati boyila ya madzi otentha yaphulika."

Mwayi sanaseke. Anafotokozanso zimene anali atanena kale kawiri. Situdiyo ya nyimbo za makina, ya pakoleji ina kufupi ndi Greenwich, inkakwanitsa zaka makumi anayi chaka chimenecho cha 2008. Ankakonza buku la mbiri yake pamodzi ndi sidi ya nyimbo zimene zinapekedwa kumeneko. Walter anagwirako ntchito kuyambira pachiyambi, koma nyimbo yotchedwa yake inali imodzi yokha, ndipo sikanalowa mu sidiyo popanda chilolezo cha mkazi wake.

"Mukakana, Mami, m'bukumo Dadi akhala munthu wakuda uja waima kumapeto kwa chithunzi. Basi."

Esnat anapukuta manja, n'kutenga ambulera.

Anali asanalowemo mu Situdiyomo. Walter sanamuitanepo, iyenso sanapemphe. Ankaona kuti mwamuna aliyense ali ndi kwake kokasewera. Anawalandira Marjorie, mzungu waimvi zodulira m'makutu, amene anabwera kumeneko ngati wophunzira wa Walter ndipo tsopano ndiye ankayang'anira malowo. Anagwira dzanja la Esnat ndi manja awiri, monga Walter anamuphunzitsira.

Anawayendetsa pang'onopang'ono, akulankhula Chingerezi chofatsa. Anawaonetsa kachipinda ka pansi komwe zonse zinayambira, kopanda zenera, komwe kale kankasungidwamo malasha. Munali makina awiri ojambulira mawu, a matepi ozungulira aakulu ngati mbale, ndi chibokosi cha mawaya ambirimbiri chimene aphunzitsi awiri anachipempha kwa anzawo a sayansi. Masiku amenewo, anatero Marjorie, kupeka nyimbo kunali kudula tepi ndi lezala n'kulumikiza zidutswa ndi zomatira. Mphindi imodzi ya nyimbo inkatha mwezi. Kenako kunabwera makompyuta, Situdiyo inakwera m'chipinda cham'mwamba, ophunzira anachuluka, ndipo malezala anaikidwa m'kabati ya magalasi. Koma chaka ndi chaka Walter ankatsitsira ophunzira atsopano pansipo kuti adule tepi ndi manja awo, n'kuwaikira nyimbo yake kuti aimve.

"Palibe amene anaphunzira pano osaimva," anatero Marjorie. "Ena alembapo mabuku. Dzina la nyimboyo ndi Ntcheu."

Esnat anatembenuka. Ku Ntcheu kunali kwawo kwa iye, osati kwa Walter.

Marjorie anawakhazika pakati pa chipinda chachikulu, masipika atawazungulira. Poyamba kunamveka kulira kwa chitsulo, kotsika, ngati sitima ili kutali. Kenako pansi pa chitsulocho panatuluka mawu a munthu, okokedwa mpaka kukhala ngati a mwamuna, akubwerera m'mbuyo, akudukaduka. Esnat anayang'ana wotchi ya pakhoma. Mawu aja anayamba kukwera, kufupika, kuyera, mpaka anasanduka a mkazi. Mkaziyo ankalira maliro.

"Mayi wanga ine! Nachisale ine! Mwandisiya ndi yani kuno?"

Mawuwo anachoka ku sipika ya kumanzere, napita kumbuyo, nabwereranso, mobwerezabwereza. Esnat anagwira chikwama chake pamiyendo. Ankalidziwa tsikulo. Munali mu 1974, m'kachipinda kawo koyamba ka lendi. Uthenga wa maliro unafika mayi ake ataikidwa kale, ndipo ngakhale ukanafika msanga, mkazi wa munthu wothawa boma sakanaponda kwawo. Walter anali kuntchito. Esnat anakhala pansi pafupi ndi bedi, anavula nsapato, n'kulira yekha maliro onse, mmene akanalirira pakhomo pa mayi ake. Atatha, mawu atasasa, Walter analowa jekete ili m'thupi, akunena kuti basi inachedwa. Zaka zonsezi Esnat ankadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: akanakhalapo, akanandigwira.

Nyimbo itatha, Marjorie ankapukuta m'maso. Mwayi ankayang'ana nsapato zake.

"Mwayi," anatero Esnat m'Chichewa, motsitsa mawu. "Tandiyang'ane. Umadziwa?"

"Ndadziwa sabata yatha, Mami. A Marjorie anapeza tepi yoyambirira m'kabati ya Dadi. Pabokosi analembapo dzina lanu."

"Ndiye unati tiye nayo nkhalambayi, siikazindikira, ikangovomera."

"Sindinadziwe kuti ndikuuzani bwanji."

"Pakamwa uli napo. Pouza anthu kuti abweze mapoto a pamaliro sipanakuvute."

Marjorie anazindikira kuti zinthu sizili bwino. Anafotokoza mopepesa kuti Walter ankauza aliyense kuti mawuwo anawajambula pamaliro a m'mudzi wina asanachoke ku Malawi. Iyenso anakhulupirira zimenezo kwa zaka zonse.

"Ophunzira angati aimva?" anafunsa Esnat m'Chingerezi.

"Ambiri, mayi Kapalamula. Mazanamazana."

"Amalemba mayeso?"

"Nthawi zina."

"Amakhoza?"



"Ndikufuna ndione tepiyo," anatero Esnat.

Anatsikiranso m'kachipinda kopanda zenera kaja. Marjorie anatulutsa bokosi lachikatoni lofumbwa m'makona. Pachivundikiro panali zilembo zopendekera za Walter. Atatsegula, Esnat anaona kuti mkati mwa chivundikirocho munamatidwa kachidutswa ka tepi, kokulungidwa bwinobwino ngati ulusi, zomatira zake zitasanduka zachikasu.

"Nanga aka?"

"Anakadula patepi yoyambirira, pakatikati," anatero Marjorie. "Sikali mu nyimbo. Sindinakamvere, ndinaona kuti si kanga."

"Kaikeni."

"Mami, tiyeni tizipita. Muchedwa kuntchito."

"Ntchito ndi yanga. Kaikeni, mayi."

Marjorie anakamatula mosamala, anakalumikiza ku tepi yopanda kanthu uku ndi uku, n'kukoloweka pa makina akale aja. Mawilo anayamba kuzungulira. Kunamveka mpweya wa chipinda, galimoto ikudutsa kunja, munthu akufwenthera. Kenako mawu a Esnat wa zaka makumi awiri ndi mphambu zingapo, osalira tsopano, ang'onoang'ono ngati a mwana.

"A Walter? A Walter, ndinu? Bwerani, chonde."

Panali chete. Ndiyeno pafupi kwambiri ndi makina, pafupi kuposa mawu a mkaziyo, munthu anameza malovu, napuma pang'onopang'ono kuti asamveke. Thabwa la pansi linalira kamodzi. Tepi inatha, nsonga yake n'kumamenya chitsulo mpaka Marjorie anazimitsa.

Esnat anakhala pa kampando kozungulira kamene kanali pafupi. Anakumbukira tsopano kuti tsiku lija anamvadi thabwa likulira kuseri kwa chitseko, ndipo anaganiza kuti ndi anthu a chipinda china. Anayesa kumuona Walter ataima m'kanjira kaja, jekete ili m'thupi, makina ali paphewa, chala chili pa batani. Sizinavute kumuona. Ndi mmene ankaimira pakhomo la khitchini Mwayi ali khanda akulira, mutu utapendekera mbali imodzi, akumvetsera kaye asanamunyamule.

"Mami," anatero Mwayi, misozi ili m'masaya, Chichewa chitamuthawa theka. "Dadi anali wamng'ono. Anachita manyazi, n'chifukwa chake anadula. Koma onani, sanataye. Anasunga zaka zonsezi."

"Anasungadi. Bambo ako sankataya kanthu. Ngakhale waya wopsa."

"Ndiye mukana?"

Esnat anayang'ana makinawo nthawi yaitali. Akanatha kunyamula bokosilo n'kukaliponya mu mtsinje, unali pafupi. Koma nyimboyo inali kale m'makutu mwa anthu mazanamazana, ndipo onsewo ankadziwa kuti ndi mayi wina wa kumudzi, wopanda dzina, wolira pakati pa abale ake.

Anatembenukira kwa Marjorie n'kulankhula Chingerezi chake cha kuntchito, chomveka bwino liwu lililonse.

"Ikani nyimboyo mu sidi yanu. Dzina lake mulembe lonse, Walter Augustine Kapalamula, musalakwitse. Koma kachidutswa aka mukabwezere."

"Mu nyimbo?"

"Pakati pomwe anakachotsapo. Osakakoka, osakatembenuza, osakaika zitsulo. Ndipo m'buku mwanumo mulembe kuti si kumudzi. Ndi ku Peckham, ndipo wolirayo ndi mkazi wake."

Marjorie anazengereza. Anati kusintha ntchito ya munthu amene wamwalira ndi nkhani yaikulu, ndipo anafunika kukambirana ndi anzake.

"Kambiranani. Iye posintha yanga sanakambirane ndi munthu. Mukakana, nyimbo isatuluke."

"Mami, anthu adzamva kuti Dadi sanabwere!" anatero Mwayi. "Mukufuna azikumbukiridwa choncho?"

"Iwe umafuna alowe m'mbiri. Alowe mmene analili."

"Mukuwalanga ali m'manda."

"Ndikanafuna kuwalanga ndikanakana. Ndinaitana, Mwayi. Zaka zonsezi ana a eni akhala akumva ndikulira, koma palibe anamva ndikuitana. Amve."

Marjorie anachotsa kachidutswa kaja pa makina. Sanakabwezere m'chivundikiro. Anakaika pa kathabwa kachitsulo kodulirapo tepi, n'kufunsa kalembedwe ka dzina la Esnat ndi la mayi ake. Esnat anatchula chilembo chimodzichimodzi.

Kunja mvula inali isanaleke. Mwayi anatsegula chitseko cha galimoto, koma Esnat anatambasula ambulera.

"Ndikwera basi."

"Mami, chonde."

"Pita ukathandize a Jailos, msana wawo suli bwino. Mpando wogwedera uja asatenge." Anayenda pang'ono, n'kucheuka. "Mufiriji muli nkhuku ya dzulo. Udye."

Anafika kuntchito nthawi itangokwana. Mnzake Mariam, mtsikana wa ku Zambia, anamukumbatira m'kachipinda kosinthira zovala.

"Amake Mwayi, mwabwela kale? Sembe mwapumulako."

"Kunyumba kulibe chochita. Ndiyambire kuti lero?"

"Pamwamba. A Biswick akana kudya, ati supu ilibe mchele. A Anna naonso afuna kusamba, koma ati ine nili na manja ozizila."

Esnat anapachika juzi yakuda pa msomali, anasamba m'manja ndi madzi otentha, n'kuvala epuloni. Anatenga matawulo awiri pa shelefu. Ali pakati pa masitepe, belu la chipinda cha kumapeto linalira, ndipo mawu a nkhalamba anamveka kuseri kwa chitseko, akufunsa ngati kunjako kuli munthu.

"Ndilipo, Anna," anayankha Esnat, akukankha chitseko ndi phewa. "Ndabwera. Tiyeni tiyambe ndi kumaso."