Mpando wa Pawindo

Kamphepo anali asanakwane zaka zisanu ndi zitatu, koma thupi lake linali zipsera zokhazokha: cha simbi pamkono, cha waya pamwendo, china pachibwano. Dokotala anawauza mayi ake kuti mwanayu ali ndi vuto la kusakhazikika. Maganizo ake sakhala pamodzi, miyendo imanyamuka mutu usanaganize, ndipo ana otere amavulala kawirikawiri kuposa anzawo.

Mayi akewo anali telala, ndipo anaphunzira kukhala naye. Sizasi ankaikoloweka pamwamba pa chitseko. Mpando sunkayandikira windo, chifukwa Kamphepo akaona mbalame panja ankaitsatira kudzera pomwepo.

Azakhali ake a mwanayo, mlamu wake wa telala, sanazimve zimenezo.

"Matenda a chiyani? Mumammenya inu!"

Anakanena kumpopi. Anakanena kwa nesi wa kuchipatala. Anaimbiranso foni mchimwene wawo, bambo a Kamphepo, amene ankagwira ntchito kutali. Posakhalitsa azimayi anayamba kubwera kwa telala kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, osamuyang'ana n'kumaso komwe.

Tsiku lina m'mawa azakhali anatulukira pakhomo.

"Ndabwera kudzamutenga. Akakhale kwanga, mabala apole."

Telala sanatsutse. Anapinda timalaya ta mwana n'kuika m'chikwama. Nyumba ya mlamu wakeyo ankaidziwa bwino: mpando waukulu wotsamira windo, kunja kwake ngalande yasimenti. Mawu ochenjeza anafika pamlomo. Anakumbukira nsalu zija, n'kuwameza.

"Muyende bwino, alamu."

Sabata isanathe, foni inalira. Kuchipatala.

Telala anawapeza azakhali pabenchi m'khonde, bulauzi ili magazi. Odwala anali thothotho. Nesi yemwe uja anali pakhomo la chipinda.

"Ndinangotembenuka pang'ono, alamu, kuti ndiphule madzi..."

Telala anaima patsogolo pawo, nakweza mawu.

"Mwammenya ndi chiyani?"

Mitu yonse inatembenuka.

"Ine? Sindinamukhudze! Wadumpha yekha pawindo!"

"Yekha? Kani ana amadumpha okha? Bwerezani mokweza, anesi amve. Mukatero mukanenenso kumpopi, muwaimbirenso achimwene anu."

Azakhali anabisa nkhope m'manja n'kuyamba kulira. Telala anawasiya alire. Sanawapatse ngakhale kansalu kopukutira misozi. Mtima wake unazizira bwino, ngati wamwa madzi patsiku lotentha.

Kenako analowa m'chipinda. Kamphepo anali pabedi, pamphumi atasokedwa, mkono wamanja uli m'chikhakha, miyendo ikugwedezeka ngati kale.

"Amayi, kwa azakhali mpando uli pawindo. Simunawauze?"

Telala anayang'ana chikhakhacho kwa nthawi. Anamugwira mwana mkono wotsalawo, zolimba.

"Tiye kwathu."

Potuluka anadutsa pabenchi paja. Azakhali anadzuka, pakamwa pali yasa kuti alankhule. Telala sanaime.