Chinangwa cha a Fernanda pa antena

Masiku anayi athunthu foni ya a Fernanda inali zii. Rede, netiweki ija, inkangobwera pang'ono masana n'kuthawanso. Apa n'kuti mwana wawo Gilda ali kuchidikiro kuchipatala ku Metangula, mimba yoyamba. Anapangana kuti matenda akangoyamba aimba, mayi ake akwere shapa, minibasi ija.

Pachitsime panamveka zambiri. Ena ankati kampani ya mafoni yathawa, ena ankati antena anaizika pamanda akale. Koma wotukwana kampaniyo kuposa onse anali a Fernanda.

Tsono imvani izi. Antena ija ili kuphiri, mumpanda wa waya, ndipo pansi pake pali magalasi a sola oyalidwa ngati thandala. A Fernanda atatopa ndi mbuzi zodya chinangwa chawo chovuula, anauza amuna awo, a Silvano, kuti akweze waya pangodya. Basi, n'kumayanika pamagalasipo. Kunena zoona chinkauma bwino, choyera kuti mbee!

Tsiku lachisanu kunabwera a Emília, okonza ma antena a kampaniyo, pa njinga yamoto. Anawapeza a Fernanda akutembenuza chinangwa.

"Amayi, thandala lanuli ndi lamakono," anatero a Emília.

"Limangokhala, mwanangu. Inu m'malo mosirira chinangwa changa, tikonzereni rede. Mwana wanga ali kuchipatala."

"Rede yanu ndi imene mwaifunditsa chinangwayi."

A Emília anawaonetsa bokosi la mabatire. "Magalasiwa amamwa dzuwa n'kudzaza mabatire awa. Mabatirewo ndiwo amayendetsa antena. Mukaphimba magalasi, antena imagona ndi njala, mafoni a mudzi wonse n'kukhala chete."

A Fernanda anagwira pakamwa. "Ndiye munthu ndakhala ndikumutukwanayu ndine ndemwe?"

"Ine sindinanene, amayi. Bweretsani dengu."

Anaola chinangwa chonse, n'kupukuta ufa womatirira ndi madzi ndi nsalu yofewa. A Silvano anabwezera waya mwakachetechete, kenako anakamanga thandala lalitali kunyumba. Pachitsime nkhaniyi inafikako a Fernanda asanatsike n'komwe phiri.

Dzuwa linagwira ntchito yake. M'mawa mwake foni inalira. Anali Gilda: "Amayi, bwerani, zayamba." A Fernanda anakwera shapa yoyamba, ndipo pamene mdzukulu ankalira koyamba, iwo anali pomwepo atagwira dzanja la mwana wawo.

Antena ndi ya kampani, koma ikazima ovutika ndife. Mumpanda mwake musalowe, musayanikemo kanthu. Mukaona waya wabooka kapena rede yathawa, uzani a kampani msanga.