Chipande Chikusowa

Pa anthu onse ogwira ntchito ku fiyeta, kochitira opaleshoni, pa chipatala china chimene chili pakati pa minda ya tiyi, a Lestina ndiwo anali a kumchira. Ntchito yawo inali kutsuka zitsulo za opaleshoni: masizasi, zopanira mitsempha, zogwirira singano. Ankazikwecha ndi kaburashi, kuziumitsa, kuzikulunga m'nsalu yobiriwira n'kuziika m'makina ozitenthera. Mayina a Chingerezi a zitsulozo anawakanika kalekale, ndiye anangozipatsa awoawo. Panali kaudzudzu, panali dzino la khoswe, panalinso chitsulo chaphanthiphanthi, chotalika ngati rula ya kusukulu, chimene adokotala amatchingira matumbo akamasoka pamimba. Chimenecho ankachitcha chipande.

Asanabwere kuno anatchola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, dengu kumsana. Kalaliki wa pa sikelo akati makilo khumi ndi awiri, iwo ankati, "Ikaninso achimwene, ndi khumi ndi atatu," ndipo ankapezekadi atatuwo. Mkono wawo unazolowera kulemera kwa zinthu mpaka unasanduka sikelo.

Lachiwiri limenelo odwala anali mbwee, pomwe maseti a zitsulo za pamimba analipo awiri okha. Sisitala Kate, namwino wowerenga zitsulo, sanadikire kuti opaleshoni ithe. Anakankhira beseni la zitsulo zamagazi pa kawindo kolowera kotsukira, n'kutsala ndi zosokera zokha.

"Tsukani msanga mayi, wina akudikira."

Amene anali pa tebulo anali Vailet wa ku Nchilamwela, mnzawo amene ankatchola naye tiyi m'gulu limodzi, ndipo tsopano ankamuchotsa chotupa m'chiberekero. A Lestina ananyamula beseni lija, n'kuima. Analiika pansi, kulinyamulanso. Linali lopepuka.

Anayala zitsulo pa sinki chimodzichimodzi. Zonse zinalipo, kupatula chipande. Anasuzumira pansi, anavundukula thumba la nsalu zakuda, anapisa mpaka m'ndowa ya zinyalala. Palibe. Chitsulo chikasowa konseko, malo otsala amakhala amodzi okha.

Anagogoda pa kawindo. "A Sisitala, chipande chikusowa."

"Kuno si kukhitchini, mayi."

"Ndikunena chitsulo chophwatalala chija. Mulibe m'beseni muno."

"Ndawerenga ndekha, ndachonga, ndasaina. Yang'anani bwino."

"Beseni lapepuka, a Sisitala."

"Lapepuka?" Sisitala Kate anatulutsa maso pamwamba pa kansalu kakukamwa. "Mwayamba kuyeza zitsulo ngati masamba a tiyi?" Kawindo phaa, katsekedwa.

Anthu ophunzirawa nawonso, abale! Pepala likangosainidwa, basi lasanduka Baibulo. Munthu wagwira beseni lomwelo zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa ndi masana, ndiye wina wongochonga ndi bolopeni akuti yang'anani bwino. A Lestina anatsonya. Anakwiya kwambiri, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha. Vailet ali ndi ana anayi, ndipo akumusoka chitsulo chili m'mimba.

Anagogodanso. Zii. Anagogoda kachitatu ndi sizasi. Zii.

Pakhomo la chipinda cha opaleshoni pali mzere wofiira wopakidwa pansi. Wotsuka zitsulo saudumpha, ndipo salankhula ndi dokotala mpeni uli m'manja. Zimenezo anauzidwa tsiku loyamba, pamodzi ndi chilango chake. A Lestina anavula epuloni yonyowa, anamanga kansalu kukamwa, anaima zala za kumapazi zitagunda mzerewo, n'kukankha chitseko ndi chigongono.

"Adokotala, pepani, musasoke."

Onse anatembenuka. A Amosi, amene ankachita opaleshoniyo, anali atasoka kale mnofu wam'kati, kwatsala khungu.

"Mayi awa akufuna chiyani?" anakalipa a Amosi.

"Akuti beseni lawapepukira," anatero Sisitala Kate. "Mayi, tulukani. Nkhani iyi tikaikamba kwa a Matironi."

"Tikaikamba kumene. Koma chipande chikusowa."

"Chipande n'chiyani?" anafunsa a Amosi mosaleza mtima. "Mukufuna ndimutsegulenso munthu chifukwa cha chipande? Mukudziwa kuti mankhwala ogonetsawa ali ndi nthawi yake?"

Ha, dzina la Chingerezi lija likanangobwera tsiku limodzi lokhali! Silinabwere. A Lestina anatambasula manja kusonyeza kutalika kwake, kenako anapinda chikhatho monga amachipindira adokotala pochilowetsa pansi pa chilonda.

"Chija mumatchingira matumbo. Ngati ndanama, mundichotse ntchito lero lomwe. Kumunda ndikudziwako."

A Amosi anayang'ana chikhatho chopindikacho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pa tebulo la zitsulo, n'kuyang'ana pamimba pa Vailet. Anakumbukira kuti anachilowetsadi, magazi atayamba kuvuta, koma sanakumbukire akuchitulutsa.

"Sizasi," anatero motsitsa mawu.

Anadula ulusi umene anali atangosoka, n'kupisa dzanja mpaka m'mbali, cha kunthiti. M'chipindamo munkangomveka kamakina kowerenga mtima. Dzanja litatuluka, linatuluka ndi chipande, chili psuu.

A Lestina anasiya chitseko chidzitseke chokha n'kubwerera ku sinki yawo. Anakhala pa ndowa yovundikira. Zikomo sanamuyembekezere, amawadziwa anthu ake. Ankangong'ung'udza okha kuti chipatala chonsechi, madigiri ali thoo, mpaka pachite kubwera wotchola tiyi.

Patapita ola, chitseko cha kotsukira chinatseguka. Sisitala Kate sanadzere pa kawindo ulendo uno. Analowa atanyamula yekha beseni la zitsulo zotsala, maso ali ofiira.

"Vailet wadzuka," anatero. Anazengereza pang'ono, kenako anawapatsira beseni lija ndi manja awiri. "Tanyamulani kaye, amayi, ndisanasaine."

A Lestina analilandira, analikweza pang'ono, kulitsitsa, kulikwezanso.

"Singano zanu mwataya kale?" anafunsa a Lestina.

"Ndataya, zinakwana."

"Ndiye zakwana," anatero a Lestina. "Komabe bwerani tiwerenge."