Chitsa Sachiyeza

Tisungane, mlangizi wa bungwe la mitengo, analowa m'munda wa a Fabiano cha ku Makwasa tepi yoyezera mitengo ili m'manja, n'kupeza zitsa zokhazokha.

"Bambo, mitengo ija ili kuti?"

"Ndi imene mwaima pakati pakeyi," anayankha a Fabiano, osatekeseka n'komwe.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, bungwelo linabwera ndi nkhani yoti kunja kuli makampani amene amalipira munthu akasunga mitengo, poti mitengo imameza utsi umene ukusokoneza mvulawu. A Fabiano anachotsa chimanga theka la munda n'kudzala bulugamu. Malipiro oyamba anali oti abwere chaka chino, mitengo ikayezedwa.

Komatu mkuluyu bulugamu anamudziwira ku esiteti, kumene anatha zaka makumi atatu akudula nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale. Kumeneko mtengo ukakhwima amaugwetsa, chitsa n'kuphukira, patsogolo n'kudzadulanso. Ndiye mvula itatha, manja awo anangochita zimene ankadziwa. Mapolo anakakhomera denga la mwana wawo Faith.

"Munati mitengo isafe," anatero a Fabiano. "Taonani mphukirazi. Wafa ndi uti apa?"

"Ife timayeza thunthu pa msinkhu wa chifuwa, bambo. Chitsa ndichiyeza pati?"

"Gwadani, chifuwacho chitsika."

Akazi awo, mayi Leah, amene anali chapompo ndi khasu, anaseka mpaka kutsokomola. Tisungane sanaseke.

"Utsi uja umasungika m'thunthu. Thunthu likachoka, palibe cholipira."

"Ha! Si uli padenga la Faith? Kauyezereni komweko." Kenako analoza kutsidya kwa minda ya tiyi, kumene chumuni cha fakitale chinkafuka. "Nanga uwo amauyeza ndani?"

"Zimenezo si za ofesi yathu."

Mlangiziyo anawamvera chisoni ndithu, koma fomu inalibe malo olembapo mphukira. Analemba ziro.

"Dzina lanu sindilifuta," anatero. "Mukazisiya zikule, tidzabweranso kudzayeza."

"Liti?" anafunsa mayi Leah.

"Pakapita zaka zina zisanu ndi chimodzi."

Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Bambo a Faith, mwamva? Zaka zonsezi takhala tikugula chimanga, munda tili nawo. Zinazo tizidzadya chiyani, masamba a bulugamu?"

A Fabiano anadikira njinga yamoto ya mlangizi ikhote pamsewu, kenako anayenda pakati pa zitsa zija, akukhudza mphukira ndi nsonga za zala. Zinali zitaphuka bwino, zinayi kapena zisanu pa chitsa chimodzi. Mtima unawawawa, poti chibadwire anali asanazulepo chitsa chamoyo.

"Mbewu ya chimanga ilipo?" anafunsa a Fabiano.

"Mlongo wanga atigawira."

"Bweretsani khasulo, mayi. Mvula isatipeze tisanamalize."

Anavula malaya n'kuyamba kukumba chitsa choyamba.