Pali Munthu

Pali chinthu chimene kwa nthawi yaitali sindinauze aliyense, ngakhale azakhali amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Malo aja ndinkasunga pabenchi Loweruka lililonse m'chilimwe chapitachi, panalibe amene ankabwera kudzakhalapo. Ndipo ndinkadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba.

Dzina langa ndi Chisangalalo, koma anthu amangoti Chisa. Bola choncho, chifukwa dzina lonselo limandikulira ngati diresi yobwereka. Kwathu ndi ku Makhanga. Madzi atalowa m'mudzi chaka chija, amayi ananditumiza kuno ku Bangula kwa azakhali kuti ndidzamalize sukulu. Mayeso a Fomu 4 ndinalemba, kenako basi, kudikira zotsatira. M'mawa ndinkathandiza azakhali kuyala milamba youma pamsika, masana n'kukhala pakhonde kumamvera malata akuthetheka ndi dzuwa. A m'kalasi mwathu ankandipatsa moni tikakumana, koma panalibe amene ankadziwa pakhomo pathu. Sindikuwada. Inenso sindinawauze.

Kutentha kutafika pachimake, gulu la achinyamata linayambitsa zochitika pabwalo la kuseri kwa msika, Loweruka lililonse masana, mpaka mvula idzagwe. Kunkabwera oimba valimba, mangolongondo a Chisena okhala ndi zikwatu za mphonda kunsi, azimayi ovina utse, makwaya, anyamata a magitala opanga okha, ndi a zisudzo. Jenereta inkazima pakati pa nyimbo, anthu n'kupitiriza okha ndi m'manja. Mabenchi ankabwereka kutchalitchi n'kuwandandalika pansi pa msangu waukulu, mtengo wokhawo umene unali ndi masamba pamene ina yonse inali itayoyola. Amene akudziwa dzuwa la kuno sangafunse chifukwa chake anthu ankalimbirana mabenchi amenewo. Wochedwa ankaima padzuwa, dothi likumuwotcha kudutsa m'masilipasi.

Tsiku loyamba ndinafika msanga, a masipika akadalumikiza mawaya. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi tsinde la mtengo. Anthu atayamba kudzaza, bambo wina wonyamula wailesi anaima pambali panga n'kuloza.

"Apa?"

"Pali munthu," ndinatero.

Sindinaganize n'komwe. Mawuwo anangotuluka okha, monga ankatulukira kale ku Makhanga. Kumeneko ndinali ndi mnzanga Otilia, amene sanafikepo pa chinthu chilichonse nthawi yake. Kutchalitchi, kusukulu, kumpira, ine ndinali wosunga malo. Iye ankafika zinthu zili pakati, akupuma wefuwefu, n'kundigunda ndi chiuno kuti ndisendere, kenako n'kuyamba kundifunsa zimene zamudutsa. Madzi aja atabwera, banja lawo linawoloka kupita kwa abale awo ku Mozambiki. Nambala imene anandisiyira inagwira masabata ochepa, kenako inasiya. Chimene ndinatsala nacho ndi chitenje chake chamizere yachikasu, chimene ndinabwereka tsiku lina n'kulephera kubweza.

Bambo uja atachoka, ndinavula chitenjecho paphewa, n'kuchipinda, n'kuchiika pamalopo.

Ndikanatha kuchichotsa pambuyo pake, koma ndinazindikira kanthu. Popanda chitenjecho ndinali mtsikana wobwera yekha kuchisangalalo cha anthu. Chikakhalapo ndinali mtsikana amene akudikira mnzake. Ndinkatha kutembenuka kuyang'ana kunjira nthawi ndi nthawi, ngati mmene amachitira anthu okhala ndi wowadikira. Valimba zikagunda bwino ndinkaweramira kumbaliko pang'ono.

Madzulo azakhali anandifunsa kumene ndinali, ndipo nditawauza anasiya kupeta mpunga.

"Unapita ndi ndani?"

"Ndi anzanga."

"Eyaa! Ndiye zimenezo. Ndimati mwana wa mchimwene wangayu aumira pakhonde ngati mlamba. Udzabwere nawo tsiku lina, ndiwaone ngati ali ndi nkhope."

Anaseka, inenso ndinaseka.

Temwa ndinamuona koyamba Loweruka lotsatira, ngakhale dzina lake ndinalidziwa mochedwa. Anali wamtali, wometa, wausinkhu wanga, atanyamula botolo la madzi lokulunga m'sokosi yonyowa. Anayang'ana mabenchi onse, maso ake n'kutera pa chitenje chachikasu.

"Asisi, apa pali munthu?"

Chichewa chake chinali cha kumpoto, chokwera kumapeto.

"Eee, pali munthu."

"Chabwino."

Anakaima pamene mthunzi unkathera, phewa limodzi mumthunzi, lina padzuwa. Mthunzi ukasuntha, iyenso ankasuntha, mpaka anthu amene anali kale pamenepo ankamutsekera.

Tsiku limenelo a zisudzo anachita sewero la mbuzi imene mwini wake anaikweza padenga pothawa madzi, ndiye madzi ataphwa mbuziyo n'kukana kutsika. Mbuziyo anali mnyamata wovala chiguduli, ataima patebulo, akunena kuti pansi sabwererako pokhapokha amulembere kalata yoti madzi sadzabweranso. Sewero lonse linali m'Chisena. Anthu anaseka mpaka misozi, ngakhale ife amene tinaonadi mbuzi padenga. Ndili mkati moseka ndinaona mtsikana uja. Ankaseka, inde, koma mochedwa. Ankayamba wayang'ana nkhope za anthu, akaona kuti aseka, iye n'kutsatira. Sankamva kanthu.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumumasulira mumtima. Wa sewero akanena chinthu, ine ndinkachitembenuza m'Chichewa, n'kuchikonza bwinobwino kuti chisataye kukoma, kenako n'kuchimeza. Loweruka lililonse ankabwera, n'kufunsa funso lomwelo, ine n'kuyankha yankho lomwelo. Kunyumba ndinkayeserera mawu ena. Ndikutsuka mbale ndinkanong'ona kuti, khalani, mnzangayo lero sabwera. Mawu osavuta. Koma akaima patsogolo panga, ankatuluka akale omwe aja. Ndinkaopa kuti akakhala adzandifunsa mafunso, n'kupeza kuti ndilibe chokamba, Loweruka linalo n'kukakhala kwina. Chitenje sichikanandichita zimenezo.

Woyendetsa mwambo anali Lorenso, mnyamata wokonza njinga pamsika, amene akagwira chimkuzamawu sankasiya munthu. Ankaseka ovina, oimba, ngakhale jenereta. Tsiku lina, oimba valimba akumangitsa zikwatu zawo, anasowa chonena, ndiye anayamba kuyendayenda kutsogolo kwa mabenchi. Anaima pa ine.

"Abale, tisanapitirire, tilandire mlendo wathu wolemekezeka," anatero m'Chisena, akulozera chitenje chija chimkuzamawu. "Shamwali wa mtsikana uyu. Sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Sasokosa, satuluka thukuta, sapempha madzi. Tiyankhuleni, bwana, mwaziona bwanji valimba za lero?"

Anaika chimkuzamawu pachitenjepo, masipika n'kulira fwii. Bwalo lonse linaphulika.

"Akuti zili bwino, koma benchi ikuwawa!"

Ndinayang'ana zala zanga zakuphazi. Makutu ankatentha kuposa dothi. Nditadzutsa maso pang'ono ndinaona mtsikana uja akuyamba kuseka, mochedwa ngati nthawi zonse. Kenako anatsatira kumene anthu ankayang'ana, n'kupeza kuti ndi ine. Kuseka kunathera panjira. Anagwira pakamwa.

Zitatha ndinadikira kuti anthu achepe. Ndikupinda chitenje ndinamva mapazi kumbuyo.

"Asisi, pepani. Ine sindinamve zimene amanena uja. Ndinangoona anthu akuseka."

"Palibe kanthu."

"Ine ndine Temwa. Bambo anga amadula nzimbe kuesiteti. Tinabwera kudzakhala nawo chaka chino."

"Chisa."

"Chisa basi?"

"Chisangalalo."

"Aa, dzina lonse limenelo mukulibisa?" Anaseka pang'ono, ndipo ulendo uno anali woyamba kuseka. "Mnzanuyo amachokera kutali?"

Apa ndiye panali pakhomo, potseguka kale. Ndikanangolowa.

"Eee, kutali," ndinatero.

"N'chifukwa chake amachedwa. Muli ndi mwayi, komabe. Ine kuno ndimayankhula ndi mng'ono wanga yekha, ndiye ali ndi zaka zitatu, nkhani zake ndi za abakha." Anamwa madzi a m'botolo lake. "Kudula nzimbe kukatha mwina tibwerera kwathu ku Rumphi. Bambo akuti zidziwika mvula ikayamba."

Anadikira kuti ndinenepo kanthu. Ine ndinali kukonza ngodya za chitenje zimene zinali zokonzeka kale. Kenako anati, "Chabwino, asisi," n'kumapita cha kumsewu, kumene kumaima akabaza.

Loweruka lotsatira sindinapite. Ndinauza azakhali kuti mutu ukundipweteka. Ndinagona pamkeka, valimba zikumveka chapatali, zikubwera ndi mphepo n'kumapita nayo. Ndinatulutsa foni ya azakhali n'kuyesanso nambala ya Otilia. Mayi wa mufoni uja anayankha m'Chipwitikizi zimene amayankha nthawi zonse. Ndinamumvera mpaka anamaliza.

"Anzako aja sabwera kudzakuona?" anafunsa azakhali ali pakhomo, akudzipepesa ndi chivundikiro cha poto.

"Atanganidwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anangondiikira madzi pafupi.

Mkati mwa sabata imeneyo kumwamba kunayamba kusintha. Mitambo inkaunjikana cha kumapiri masana, n'kubalalika osagwetsa kanthu. Msangu unayamba kuthothola masamba, monga umachitira mvula ikayandikira. Pamsika Lorenso ankauza aliyense wobwera kudzapopetsa njinga kuti Loweruka likubwerali ndi lotseka, valimba zikasungidwe zisananyowe, mabenchi abwerere kutchalitchi.

Ndinapita. Ndinafika msanga, ndinakhala pamalo anga, ndipo chitenje ndinachiika pamalo pake, chifukwa manja anga sankadziwa kochiika kwina. Mthunzi unali utang'ambikang'ambika, timasamba tikugwera anthu m'mutu. Kunali chifundizi choti ngakhale ana sankathamanga. Lorenso atandiona anakweza dzanja.

"Mwabwera nawo bwana aja? Tinawasowa!"

Ananena opanda chimkuzamawu, ndipo sindikuganiza kuti ankafuna kundipweteka. Kwa iye inali nthabwala yathu, ya awiri.

Azimayi a utse analowa m'bwalo, fumbi n'kukwera. Ine maso anali kunjira, ndipo kwa nthawi yoyamba chilimwe chonsecho ndinkayang'anadi munthu. Kwaya inaimba n'kutuluka. Anyamata a magitala anadula waya, n'kumanga, n'kudulanso. Ndinayamba kuganiza kuti basi, nzimbe zatha, anapita.

Anafika a zisudzo akukoka tebulo lawo, pakuti anthu anali atapempha kuti sewero la mbuzi libwerezedwe. Botolo lake lija linali m'manja. Anadutsa kutsogolo kwa benchi yathu, n'kundigwedezera mutu, n'kuyang'ana chitenje. Sanafunse. Anapitirira mpaka kumalo ake aja, amene tsopano analibe mthunzi ngakhale wa phewa limodzi, n'kuima.

Sindinkadziwa kuti funso lake lija ndinkalidikira sabata yonse mpaka pamene linasowa.

Mbuzi inakwera patebulo. Mwini wake anagwada pansi n'kuyamba kuichonderera, anthu n'kuyamba kuseka. Temwa anayang'ana nkhope zawo. Ndinaona milomo yake ikukonzeka kutsatira.

"Temwa."

Mawu anga anamira m'phokoso. Mayi amene anakhala kutsogolo kwanga anatembenuka, n'kubwereranso.

"Temwa!"

Ulendo uno anamva, pamodzi ndi anthu a mabenchi awiri. Ndinamukodola. Anabwera akupepesa anthu amene ankawaponda, n'kuwerama pafupi nane kuti amve. Pamphumi pake panali thukuta losakanikira ndi fumbi.

"Mwati bwanji, asisi?"

Ndinatenga chitenje chija n'kuchiika pamiyendo panga. Pabenchi panatsala malo oyera, opanda timasamba. Iye anawayang'ana, koma sanakhale.

"Nanga mnzanu uja akabwera?"

Ndinagwira chitenjecho ndi manja onse awiri.

"Sabwera," ndinatero. "Dzina lake ndi Otilia. Anapita ku Mozambiki madzi atatenga mudzi wathu, ndipo sindikudziwa kumene ali. Apa palibe munthu, Temwa. Sipanakhalepo munthu chiyambire. Ndimabwera ndekha."