Njinga ya Apongozi

Hilario ankadzitcha mtolankhani, ngakhale sanapondepo pakhomo la sukulu ya utolankhani. Ofesi yake inali foni yosweka galasi ndi tsamba la pa Fesibuku lotchedwa "Za Kwathu ku Kabudula", pomwe ankalemba za milatho yogumuka, mpira wa m'midzi ndi mbuzi zosowa. Anthu ankamukonda chifukwa sankatchula munthu dzina. Nanga akanatchula bwanji? Iye kwawo kunali ku Nambuma, kuno anangobwerera banja, ndipo mkamwini asamakule mwendo.

Tsiku lina m'nyengo yothyola fodya anajambula ana akusoka masamba m'chigafa nthawi ya sukulu. Zinkamuwawa kwenikweni, pakuti mmodzi wa anawo anali Felista, mwana wake. Nkhope zonse anazibisa bwinobwino, n'kulemba kuti izi zikuchitika "kwinakwake m'dera lathu". Anangoiwala chinthu chimodzi: pamzati panali patatsamira njinga ya chishalo chokutidwa ndi chikopa cha mbuzi. Njingayo ankaidziwa ndi mwana yemwe. Inali ya a Dyson, apongozi ake.

Am'mudzi anangoseka chamumtima, koma chithunzicho chinayenda mpaka mumzinda. Maureen, mtolankhani weniweni wa nyuzipepala ina ya mu Lilongwe, anamuimbira foni. Hilario anamva kukoma, mpaka anaimirira poyankha. Kukomako kunatha Maureen atafotokoza kuti mkonzi wake salola mawu oti "kwinakwake". Pafunika mudzi, dzina, komanso mbali ya mwini chigafa. Hilario anakana kutchula. Mawa lake Maureen anabwerabe pagalimoto, n'kuonetsa chithunzi kwa anyamata a kabaza pamsika, ndipo iwo anamulozera khomo asanamalize n'kufunsa komwe.

Nkhani inatuluka ndi dzina la a Dyson. Pansi pa chithunzi Maureen analemba dzina la wojambula, poti kwa iwo a ntchitoyi umenewo ndi ulemu. Kenaka anabwerera kwawo. Mlendo ndi mame.

Sabata isanathe mlangizi wa kampani yogula fodya anafika kudzanena kuti mgwirizano wawo umaletsa kugwiritsa ntchito ana, choncho a Dyson achotsedwa mumgwirizanowo kupatula ngati zitadziwika kuti nkhaniyo inali yabodza. Fodya wa banja lonse anali m'chigafa chimenecho, wa Hilario yemwe.

A Dyson sanakalipe. Anamupatsa Hilario mpando pafupi ndi chigafacho, n'kumulonjera ngati mlendo.

"Mulembe kuti chithunzicho n'chakale, ndipo anawo ankangosewera," anatero. "Apo ayi, njira ya ku Nambuma mukuidziwa. Ana ndiye ndi apano, eti?"

Lines, mkazi wa Hilario, anali chapatali akusenda mtedza, osadzutsa mutu.

Hilario anapita kuseri kwa nyumba n'kuimbira Maureen, kumupempha kuti nyuzipepala ibweze mawu. Maureen anayankha mwachifundo koma mosagwedezeka kuti nyuzipepala sibweza zoona. Anati Hilario akasintha mawu, iye adzakakamizika kulemba kuti wojambula uja watembenuka, ndipo tsamba lake palibe adzalikhulupirirenso.

"Limbani mtima, achimwene," anatero Maureen. "Ifenso amatiopseza, koma kampani imatiteteza."

"Nanga ine anditeteza ndani? Munthu mwamulembayo ndi amene anandipatsa malo ogona."

Maureen anangoti pepani, akulowa mumsonkhano.

Hilario anaona kuti wapanikizika ngati mbewa yomwe aitsekera kuuna konsekonse. Akana kulemba, ataya Lines ndi ana. Alemba, ataya chokhacho chimene chinali chake pamudzi wa eni. Anabwerera pampando uja n'kulemba bodzalo patsamba lake. A Dyson anati aliwerenge mokweza, ndipo analiwerenga. Apongozi anagwedeza mutu, nakwera njinga yawo kukauza mlangizi.

Atangochoka, m'chigafa munatuluka Felista, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, singano ili m'manja. Belu la kusukulu linali litalira kalekale.

"Adadi, agogo akuti tizibisala tikaona foni," anatero mwanayo. "Kodi yanunso?"

Hilario anayang'ana foni ija, n'kuilowetsa m'thumba.

"Ayi, mwanawe. Yanga sionanso."